Akuti Nkhata Bay ikhala mzinda. Nanga pa Kande tikuitana ndani, ndipo akhala pa malo a yani?

Ngati mumatsata nkhani za chitukuko, mwina munamvako kale kuti Nkhata Bay ili m'gulu la madera 8 omwe boma likufuna asanduke mizinda. Pulani yake amaitcha Malawi Secondary Cities Plan, ndipo inachokera m'masomphenya a Malawi 2063 aja anakhazikitsidwa mu Januwale 2021. Anzake a Nkhata Bay pamndandandawo ndi Karonga, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza komanso Bangula. Ganizo lake n'losavuta kumva: Amalawi tikuchulukana, ndipo tonse sitingakathinane ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Pakufunika matauni ena oti munthu n'kusamukirako, n'kupeza chochita, n'kumanga banja.

Ena mukuti, "Aaa, zimenezo n'za pa Boma, ife a pa Kande zikutikhudza pati?" Zikutikhudza, aise. Kuchoka pa Boma kufika pa Kande ndi makilomita oposa 50, inde, koma msewu wake ndi umodzi womwewu wa M5. Pa Boma paja ndi pamapiri, malo athyathyathya ndi ochepa, pomwe mchenga woyera umene anthu amaulakalaka uli konkuno, kuyambira Chintheche, Bandawe, Kande mpaka Kachere. Tsiku limene Nkhata Bay idzayambe kukoka anthu, ambiri mwa iwo adzaponya maso kuno. Ndiye bola tiyambiretu kufunsana: tikufuna abwere ndani, ndipo akabwera akhala pa malo a yani?

Dera lozolowera kuperekeza

Kwa zaka zoposa 100, chimene dera lino lazolowera ndi kuperekeza anthu. Amishoni a Livingstonia atasamukira ku Bandawe mu 1881, sukulu inafika kuno msanga kusiyana ndi madera ambiri. Koma ophunzirawo analibe kokagwira ntchito, ndiye anauyatsa wa ku Halale ndi ku Joni. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira kufupi ndi Bandawe, anakafika mpaka Cape Town komwe mu 1919 anayambitsa ICU, bungwe la anthu apantchito lomwe linagwedeza South Africa. Malemu Aleke Banda a ku Tukombo anabadwira ku Livingstone m'dziko la Zambia, n'kukulira ku Zimbabwe. Panabweranso Wenela yomwe inkatengera azigogo athu kumigodi, mpaka ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974, imene inapha Amalawi oposa 70, itachititsa Kamuzu kuimitsa maulendowo.

Njira ya ku Joni sinatsekeke mpaka lero. Mnyamata akangotsiriza Fomu 4, chimene chili m'mutu ndi pasipoti basi. Tayendani m'midzi muone nyumba zokongola za malata zomangidwa ndi ma rand, zina zili zokhoma chaka chonse, eni ake amangobwera pa Khisimisi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 285,000 m'boma lonse la Nkhata Bay, pomwe mzinda wa Mzuzu pawokha unali ndi anthu oposa 220,000.

Kunja kuli mizinda imene imachita kugula anthu. Tulsa, mzinda wa ku America, kuyambira 2018 wakhala ukupereka madola 10,000 kwa munthu wogwira ntchito pa intaneti kuti asamukire kumeneko. Ife ndalama zimenezo tilibe. Koma tili ndi anthu amene sakufunika kunyengerera, poti mtima wawo uli kale kuno: matchona athu omwe ali ku Johannesburg, Cape Town ndi Durban, komanso abale ali ku Mzuzu ndi Lilongwe. Anthu amenewa aphunzira kumanga, kuwotcherera, kuphika m'mahotela, kusamala maluwa, kulandira alendo. Vuto lake, ambiri amabwerera zitavuta, monga mu 2015 pamene boma linachita kutumiza mabasi kukatenga othawa zipolowe zodana ndi obwera, kapena mu 2020 nthawi ya Covid-19. Munthu wobwera chothawa amafika ndi chikwama chokha. Amene tikumufunayo ndi uja wobwera atakonzeka, mpamba uli m'thumba, akudziwa kale pamene akaike shopu yake.

Chintheche anatiphunzitsa kale

Aka si koyamba kulonjezedwa tauni. Funsani akuluakulu za fakitale ya mapepala. M'zaka za m'ma 1970, boma linakonza zomanga fakitale yaikulu ku Chintheche yoti izigwiritsa ntchito mitengo ya paini ya ku Chikangawa, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 53,000 yomwe inadzalidwa ndi cholinga chimenecho. Malo anatengedwa, mabanja ena anasamutsidwa, anthu n'kumayembekeza ntchito ndi chikhamu cha obwera. Fakitaleyo mpaka lero kulibe.

Phunziro lake n'lakuti pulani ya papepala itha kufa, koma malo akachoka m'manja sabwerera msanga. N'chifukwa chake nkhani ya mzinda wa Nkhata Bay tiilandire ndi manja awiri, maso ali tcheru. Amene akugulitsa gombe la makolo ake lero chifukwa wamva kuti "mzinda ukubwera" akubetcha ndi chinthu chimene sangachigulenso.

Obwera alipo kale, tangowawerengani

Tisamayankhule ngati pa Kande sipafika munthu. Asodzi amabwera ndi kupita motsata usipa, monganso asodzi athu amakakhala ku Salima ndi Mangochi. Amayi ogula nsomba amafika kuchokera kutali n'kukhala masiku angapo padoko kudikira chilimira. Pali aphunzitsi, anamwino ndi alangizi otumizidwa ndi boma. Pali eni malo ogona alendo, ena Amalawi, ena ochokera kunja. Kande Beach inatchuka kalekale ndi malole a azungu oyenda ulendo wautali pakati pa Nairobi ndi Cape Town. Bungwe la Ripple Africa linakhazikika ku Mwaya mu 2003 ndipo lakhala likugwira ntchito za nsomba, mitengo ndi sukulu.

Tinaonanso chikondwerero cha Lake of Stars, chomwe chinayambira pa Chintheche Inn mu 2004, n'kudzachitikanso ku Kachere mu 2019. Masiku atatu ndalama zinayenda, a kabaza ndi ogulitsa ziboliboli anamwetulira, Lolemba lake zii. Mlendo wa pa weekend ndi wabwino, koma salembetsa mwana pasukulu, sachita lendi nyumba, sagula tomato pamsika mwezi wa Febuluwale. Amene amakuza tauni ndi uja wokhala chaka chonse. Ndiye tisanayambe kuitana atsopano, tadzifunseni chifukwa chimene mphunzitsi kapena namwino wongofika kumene kumadera ngati kuno amayambira kulemba kalata yopempha transfer. Nthawi zambiri yankho lake ndi nyumba yabwino yochita lendi, madzi, magetsi ndi sukulu ya ana ake.

Nkhani yaikulu ndi malo

Tinene mosapsatira, chimene chimaopsa munthu wofuna kukhazikika m'dera ngati lino ndi malo. M'Malawi muno tonse timazidziwa nkhani zake. Munthu ali ku Joni watumiza ndalama kwa m'bale kuti amugulire puloti, pobwera apeza pamangidwa kale nyumba ya wina. Malo amodzi agulitsidwa kwa anthu awiri. Malume agulitsa munda wa banja, adzukulu amva mpanda utayamba kale kukwera. Nkhani imodzi yotere ikafika pa WhatsApp, anthu khumi omwe amaganiza zobwera amasintha maganizo n'kukagula ku Mzuzu.

Chonsecho malamulo alipo. Lamulo la malo a makolo la 2016, Customary Land Act, limalola munthu kapena banja kulembetsa malo awo n'kukhala ndi chikalata. Limanenanso kuti pakhale komiti yoona za malo yotsogozedwa ndi gulupu, ndipo mwa mamembala 6 osankhidwa ndi anthu, osachepera atatu akhale amayi. Mu 2022 aphungu anasinthanso malamulo a malo n'kuletsa kugulitsa malo kwa munthu amene si nzika ya Malawi. Koma lamulo likangokhala m'buku ku Lilongwe silithetsa mkangano wa pa Kande. Pakufunika kuti anthu a kwa T/A Fukamapiri ndi madera oyandikana nawo adziwe komiti yawo, adziwe kokalembetsa, ndipo wogula aliyense aone chikalata asanatulutse ndalama.

Kwa eni malo, makamaka achinyamata omwe mawa malowa ndi anu, ganizirani zobwereketsa m'malo mogulitsa. Mukagulitsa, ndalama ija imathera njinga yamoto, foni ndi maliro awiri. Mukabwereketsa kwa zaka zodziwika, pali pangano lolembedwa ndi mboni, wobwera amapeza pochitira geni yake, inu mumalandira kangachepe chaka ndi chaka, malo akadali a banja.

Palinso nkhani ya gombe. Malo ogona alendo akachuluka, mipanda imachulukanso, ndipo tsiku lina amayi adzapeza kuti njira yopita kokatunga madzi, kokachapa ndi kokagula nsomba yatsekedwa. Njira zopita kunyanja, madoko a asodzi ndi manda ziyenera kulembedwa pamapu panopa, mitengo ya malo isanapenge. Ndipo nyanja nayo ili ndi malire ake. Mu 2024 madzi anakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'madera ambiri a m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Womuuza mlendo kuti amange pamchenga penipeni akumuponya m'madzi.

Chomusunga munthu akafika

Malo akapezeka, munthu amafunsa za moyo wa tsiku ndi tsiku. Sitinaiwale kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nkhata Bay inali m'gulu la maboma omwe anakhudzidwa kwambiri, makamaka kumadoko a asodzi. Kuitana anthu ambiri pamalo opanda zimbudzi zokwanira ndi madzi aukhondo n'kuitana matenda. Chimbudzi cha pamsika ndi padoko sichioneka bwino pa Facebook, koma ndi chimene chimasiyanitsa tauni ndi msasa.

Chachiwiri ndi ntchito, ndipo sitikunena za kudikira fakitale ina. Usipa ukagwidwa wambiri nthawi ya mvula umawola pathandala, mtengo n'kugwa. Munthu wobwera ndi mafiriji a sola kapena zoumitsira nsomba zamakono ali ndi geni yokhazikika. Chinangwa chathu chimathera kondowole, pomwe ufa wake wopakidwa bwino ungagulitsidwe m'mashopu a ku Mzuzu ndi Lilongwe. Malo ogona alendo amafuna ndiwo zamasamba, mazira ndi nkhuku sabata iliyonse. Nyumba zokhoma zija, eni ake atazikonza n'kuzichititsa lendi, vuto la namwino uja latha. Ndipo poti Starlink inafika m'Malawi mu 2023, kuwonjezera pa netiweki ya TNM ndi Airtel, mnyamata wopanga ma graphics kapena wolemba mapulogalamu a pakompyuta atha kugwira ntchito ya ku Lilongwe atakhala pa Kande, bola magetsi akhale odalirika.

Mantha a eni mudzi si opanda pake

Pali ena akuti obwera akachuluka nsomba zitha, malo akwera mtengo, ana aiwala Chitonga, malipenga ndi chilimika zisanduka zovinira azungu basi. Asanyozedwe, akunena zoona. Walira mvula walira matope. Koma mankhwala ake ndi malamulo ogwira aliyense mofanana. Ngati komiti ya padoko yaletsa kuwedza ndi neti ya udzudzu, iletse mwana wa mfumu ndi mlendo yemwe. Ngati pali nyengo yotseka usodzi, itsekere onse. Wobwera naye aphunzire kupereka moni wa eni dera, apite kumaliro, asonkhe nawo za chitukuko.

Komanso tisaiwale kuti ife ndi mtundu wa anthu oyenda. Tikudziwa kuwawa kwake kotchedwa "kwerekwere" m'dziko la eni. Zingakhale zamanyazi kuti mdzukulu wa munthu amene anakalandiridwa ku Bulawayo azithamangitsa Mlomwe wa ku Mulanje kapena Myao wa ku Mangochi amene wabwera kudzasaka pa Kande. Paja akulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Ndiye titani?

Zoyambira zake sizifuna bajeti ya boma. Achinyamata tiyambe kupita kumisonkhano ya VDC ndi ADC, komwe nkhani za chitukuko zimayambira, m'malo mongodandaula pa Facebook zinthu zitagamulidwa kale. Tifunse khansala ndi a khonsolo ya Nkhata Bay kuti pulani ya mzinda ija ikuti chiyani za Chintheche ndi Kande, ndipo mapu ake tiwaone ndi maso. Mabanja akhale pansi alembetse malo awo agogo akadali moyo, poti ndiwo akudziwa malire. Magulu a anthu akwathu omwe ali ku Joni, omwe amasonkherana bwino pakagwa maliro, ayambenso kukambirana zosonkherana mpamba.

Mzinda wa Nkhata Bay utha kubwera mu 2040, utha kuchedwa, uthanso kutsata njira ya fakitale ya mapepala. Koma anthu ofuna malo kunyanja sakudikira pulani imeneyo, akubwera kale. Dera likakonza nkhani ya malo, madzi ndi njira za kugombe, limasankha lokha anthu oti likhale nawo. Tikazengereza, tidzangodzuka tsiku lina n'kupeza kuti kukasamba kunyanja kwa agogo athu n'kolipira pageti.