Tizipangizo topatsirana uthenga ngati maso a ukonde

Mwera ukayamba mu June mpaka August, mabanja a ku Cobue sagona tulo. Amuna awo ali pa nyanja kukawedza usipa, foni siigwira, ndipo mphepo ikatembenuka palibe wowachenjeza.

Pali luso lina la wayilesi loyenera kuti asodzi alidziwe. Azungu amalitcha mesh, kutanthauza maso a ukonde. Pa foni uthenga umadalira nsanja imodzi. Pa mesh kachipangizo kalikonse kamalandira uthenga n'kuupatsira kanzake, monga uthenga wa maliro umayendera mudzi ndi mudzi. Kamodzi kakafa, uthenga umadzera kwina.

Lusoli linafala m'nyumba za ku Ulaya ndi ku America. Zigbee, yomwe malamulo ake anakhazikitsidwa mu 2004, imalumikiza mababu, maloko ndi tizipangizo toyeza kutentha. Thread inabwera mu 2014. Tizipangizo toyezato timagona nthawi yambiri, choncho kabatire kamodzi kamatha chaka kapena kuposa. Koma mawu ake safika patali, mamita 10 mpaka 100 basi. Pa nyanja n'zosathandiza.

Yofika patali ndi LoRa, yomwe imatumiza timawu tochepa makilomita angapo, makamaka pamadzi popanda phiri lotchinga. Mu 2018 bungwe la Smart Parks linaika LoRa ku nkhalango ya Liwonde ku Malawi, kuti aziona kumene kuli zipembere ndi magalimoto a alonda. Kumeneko uthenga umapita pa nsanja. Koma pulogalamu yaulere ya Meshtastic imachititsa timawayilesi ta LoRa kupatsirana uthenga wolemba tokhatokha, popanda kugula mayunitsi.

Chinsinsi chake n'chakuti kopatsira uthenga sikagona. Kamafuna moto usana ndi usiku, ndiye pafunika kasola ndi batire, ndipo kaikidwe pamwamba, monga pa mapiri a kuseri kwa Cobue. Komanso bwato limodzi lokha silipanga ukonde. Mutu umodzi susenza denga: makomiti a asodzi a ku Cobue, Metangula ndi Likoma akagula pamodzi, chenjezo la mwera lingadumphe bwato ndi bwato mpaka kwa womaliza.

Asanagule, atsogoleri afunse kaye ku INCM mbali ya Mozambique ndi ku MACRA mbali ya Malawi za mafunde ololedwa. Ndipo kawayilesi sikayandamitsa munthu. Jekete yopulumutsira isatsale kunyumba.