Maloto a chumba ali ndi ntchito yake

Mlonda wa kuntchito kwathu amalowa 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa, maso ali psuu, chibonga chili m'khwapa. Tsiku lina ndinawauza bambowa kuti kuli buku lonena za chilumba chimene anthu amagwira ntchito maola 6 okha patsiku. Anapukusa mutu. "Achimwene, amenewo ndi maloto a chumba."

Bukulo ndi Utopia, la Thomas More wa ku England, lomwe linatuluka mu 1516. Dzinali linachokera ku Chigiriki, ndipo limatanthauza malo amene kulibe. More ankadziwa kuti akupeka. Chinkamuwawa chinali kwawo komweko: eni minda ankathamangitsa alimi kuti apeze podyetsera nkhosa zaubweya, ndipo othamangitsidwawo akaba chifukwa cha njala, boma linkawanyonga. Ndiye anapeka dziko lopanda ndalama, kumene golide amasulira zokodzeramo za usiku ndi maunyolo a akapolo. Ukawerenga zimenezo, mphete ya munthu wolemera siikuopsanso ngati kale.

Ine ndimaikira kumbuyo maloto otere chifukwa amatichotsa mawu aja akuti "ndi mmene zimakhalira". Mu 1817 mkulu wina dzina lake Robert Owen ankalalikira za maola 8 a ntchito, nthawi imene ana ankafooka m'mafakitale kwa maola 12 kapena kuposa. Mudzi wake wa New Harmony ku America, umene anauyamba mu 1825, unagwa zisanathe zaka zitatu. Koma mu 1919 bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linaika maola 8 aja m'pangano lake loyamba. Amene amaweruka dzuwa likanalipo akudya thukuta la wolota.

Choopsa chilipo, ndipo sindichibisa. Pachilumba cha More pomwepo, wofuna kupita mzinda wina ankayenera kupempha chilolezo. Anzathu a ku Tanzania anazilawa: Ujamaa wa Julius Nyerere, umene anaulengeza ku Arusha mu 1967, unayamba ngati pempho loti anthu akhale ndi kulima pamodzi, koma pofika 1973 kusamukira m'midzi yatsopano kunasanduka lamulo. Anthu anakwezedwa m'malole, kusiya mitengo yazipatso imene anabzala okha. Zimandiwawa, chifukwa cholinga cha mkuluyu ndimachilemekeza.

Patapita masiku, bambo aja anandiimitsa pageti. "Nanga kuchilumba kwanu kuja, alonda amaweruka nthawi yanji?" Ndinawayankha kuti nyumba za kumeneko zilibe maloko, ukangokankha chitseko, walowa. Anakhala chete kanthawi, akusisita chibonga chawo.