Kulembetsa kampani ku Joni si kumaliza ntchito

Mabanja ambiri ku Mangochi, Mzimba ndi Balaka akudya ndalama za abale awo amene adatsegula mabizinesi ku South Africa. Ena mwa abalewa adalembetsa makampani a zomangamanga, zosoka ndi zonyamula katundu. Koma ndi angati mwa ife tidafunsapo ngati mapepala a kampaniyo akadali amoyo?

Malinga ndi lamulo la makampani la 2008, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2011, kampani iliyonse m'dzikolo, kaya mwini wake ndi mbadwa kaya mlendo, imayenera kupereka lipoti chaka ndi chaka ku bungwe la CIPC. Lipotili limaperekedwa pasanathe masiku 30 ogwira ntchito kuchokera tsiku lomwe kampaniyo yakwanitsa chaka. Ikaphonya zaka ziwiri zotsatizana, bungweli limayamba kuifufuta m'kaundula. Ikafufutidwa, banki itha kutseka akaunti, ndipo katundu wolembedwa m'dzina la kampaniyo amagwera m'manja mwa boma. Kuidzutsanso n'kotheka, koma ndi chintchito chodya nthawi ndi ndalama.

Kuyambira mu July 2024, CIPC siilandira lipotili ngati kampani sidaulule eni ake enieni. Nkhani ya msonkho ku SARS ndi yapayokha.

Nanga za kufufuza mabuku? Si kampani iliyonse imafuna odita. Pali mapointi omwe amawerengedwa poona antchito, malonda a pachaka, ngongole ndi eni masheya. Ofika 350 sangathawe odita, pomwe kampani yaing'ono yomwe eni ake ndiwo akuiyendetsa nthawi zambiri siikakamizidwa. Komabe mabuku a ndalama ayenera kusungidwa ndithu.

Ena amati malamulowa ndi njira chabe yozunzira alendo. Dandauloli lili ndi mfundo. Chiphaso cha bizinesi kwa mlendo chimafuna mpamba wa R5 miliyoni, komanso kuti antchito 60 mwa 100 alionse akhale nzika kapena okhazikika m'dzikolo. Wogulitsa pagolosale angaipeze kuti ndalama yotere? N'chifukwa chake ena amabwereka dzina la mbadwa polembetsa.

Apa ndi pamene pali msampha. Pamaso pa lamulo, bizinesi ndi ya yemwe dzina lake lili papepala. Mwini weniweni akamwalira kapena akathamangitsidwa, mayi ndi ana kuno kumudzi alibe pogwira. Thukuta la zaka khumi limatha ngati mame.

Tikumbukenso zomwe zidachitika mu November 2024. Ana atamwalira ndi zakudya zapoizoni ku Soweto ndi madera ena, Pulezidenti Cyril Ramaphosa adalamula kuti magolosale onse a m'makomboni alembetsedwe m'masiku 21, ngakhale pambuyo pake adawonjezera nthawi mpaka pa 28 February 2025. Zinthu zikavuta chonchi, woyamba kufunsidwa mapepala ndi mlendo.

Tsono inu makolo ndi amayi otsala pakhomo, musamangofunsa za malata ndi feteleza. Funsaninso kuti kampani ili m'dzina la yani, lipoti la chaka chino lidapita, ndipo mapepala akusungidwa kuti. Mwezi wolipira za boma ukafika, musadandaule ndalama zikabwera zochepa. Ndalama yolipira wodziwa kulemba mabuku ndiyo ikuteteza sukulu fizi ya chaka chamawa.

Ndipo inu muli kunjako, lembani tsikulo pakalendala. Pakadafunda padajiwitsa galu.