Damu la Batoka: magetsi, makala ndi mbalame

Kumunsi kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, mtsinje wa Zambezi umalowa m'chigwembe chakuya cha Batoka. M'menemo, makilomita pafupifupi 50 kuchokera pa mathithiwo, Zambia ndi Zimbabwe akufuna kumanga damu lopanga magetsi okwana mamegawati 2,400 kudzera m'bungwe la Zambezi River Authority, kuti agawane pakati ndi pakati. Mu 2019 ntchitoyi idapatsidwa kwa General Electric ndi PowerChina, koma mgwirizanowo udathetsedwa, ndipo nkhaniyi idakali m'kamwa mwa anthu ku Livingstone.

Ofuna damu ali ndi mfundo. Chilala cha 2024 chidachepetsa kwambiri madzi m'nyanja ya Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse. Wowotcherera zitsulo ku Maramba mu Livingstone ankangokhala chete pa benchi, nyama n'kumawonongekera m'mafiriji a m'mabutchala. Komanso magetsi akazima, mbaula ndiyo imayaka, ndipo makala ake amachokera m'nkhalango ngati ya Dambwa. Choncho kukana damu sikupulumutsa mitengo ndi zisa zonse ayi.

Okana nawonso sakungolankhula. Matanthwe a Batoka ndi amodzi mwa malo ochepa kumene kabawi kosowa kotchedwa Taita falcon kadapezekapo kakuswana. Kambalame kena, rock pratincole, kamaikira mazira pamwala weniweni pakati pa mtsinje madzi akatsika. Damu likadzaza, miyala imeneyo idzamira. Adzamiranso mafunde amene alendo akhala akupalasapo mabwato a mphira kuyambira 1981. Anyamata a m'midzi ya Mfumu Mukuni amene amasenza mabwatowo pamutu, kukwera nawo phompho thukuta lili kamukamu, amadyera pomwepo. Nalo bungwe la UNESCO, lomwe lidaika mathithiwa pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1989, ladandaulapo za madzi amene angabwerere m'zigwembe zotetezedwa.

Pali mafunso awiri amene mbali zonse zimakonda kulumpha. Loyamba: Batoka ndi Kariba amamwa mtsinje umodzi. Damu la Batoka silidzasunga madzi ambiri, ndiye mu Okutobala, Zambezi akachepa, magetsi akenso adzachepa. Nanga bwanji osayeza mtengo wake ndi wa magetsi a dzuwa, ngati aja a mamegawati 100 amene adatsegulidwa ku Chisamba mu 2025? Lachiwiri n'la okana damu: dzuwa likalowa, migodi ndi zipatala zidzayendera chiyani?

Ndipo tisanamizane za makala. Mabanja ambiri amaphikira pa mbaula ngakhale magetsi alipo, chifukwa mayunitsi ndi odula, ena nthambo sizinafike n'komwe. Ngati magetsi a Batoka adzangodutsa pamwamba pa midzi kupita kumigodi ndi kunja kwa dziko, chigwembe chidzamira, nkhalango n'kumathabe. Asanathire simenti, atiuze poyera kuti madzi adzafika pati, magetsiwo adzagula ndani, ndipo pa mtengo wanji.