Kirby atasanduka mpira

Mlungu wathawu, ndikusanthula m'sutikesi yakale, ndinapeza Game Boy yomwe amalume anatibweretsera kuchokera ku Johannesburg tili ana. Kumsana kwake kunali kakaseti kotuwa kolembedwa kuti Kirby's Pinball Land. Ndinapita pagolosale kukagula mabatire anayi, ndipo makinawo anayaka ngati anazimitsidwa dzulo lomweli. Ndinasewera pakhonde mpaka dzuwa kulowa, chifukwa kagalasi ka Game Boy yoyambirira, yomwe kampani ya Nintendo inatulutsa mu 1989, kalibe nyali yakeyake. Kukada, masewera atha. Masiku otsatirawo ndakhala ndikulingalira chifukwa chake kamasewera kakang'ono chonchi kanandigwira mtima ndili mwana, n'kudzandigwiranso tsopano imvi zitayamba.

Kirby ndi kanthu kozungulira kokhala ndi timapazi tiwiri. Kanayamba kuoneka mu 1992 m'masewera a Kirby's Dream Land, omwe anapangidwa ndi kampani ya ku Japan ya HAL Laboratory motsogoleredwa ndi Masahiro Sakurai, mnyamata wa zaka 21 zokha panthawiyo. Sakurai ankafuna masewera oti ngakhale munthu amene sanagwirepo makina otere awathe. N'chifukwa chake Kirby anamupatsa mphamvu zambiri. Amameza adani n'kuwalavula, ndipo akafika pa dzenje amadzaza mpweya m'mimba n'kuuluka. Wosewera ndiye mwini zonse. Ukati pita kumanja, amapita. Ukati ima, amaima.

Mu 1993 kampani yomweyo inamulanda Kirby zonsezo n'kumusandutsa mpira. Amene sanaonepo pinball aganizire bwalo lopendekeka, pomwe kampira kamagubuduka kutsika, kakugundagunda zinthu zosiyanasiyana, ndipo kumunsi kuli timanja tiwiri totsekula ndi kutseka, tokhala ndi mpata pakati. Ntchito ya wosewera ndi kumenya kampirako kuti kasagwere pampatapo. A HAL sanali alendo pa ntchitoyi, popeza mu 1989 anali atapanga kale masewera ena a pinball pa Game Boy otchedwa Revenge of the 'Gator. Koma kuika Kirby m'malo mwa kampira kopanda moyo kunasintha kakomedwe ka masewerawo. Amene akugubudukayo ndi mnzako amene dzulo unkamulamula, ndipo lero ungathe kumuthandiza pokhapokha akafika pomwe pali timanja tako.

Mabwalo alipo atatu, ndipo lililonse lili ndi mwini wake. Pali Whispy Woods, chimtengo chokhala ndi nkhope. Pali Kracko, mtambo wa diso limodzi. Palinso abale awiri a Poppy, oponya mabomba. Bwalo lililonse ndi losanjikiza katatu ngati nyumba ya nsanjika, ndipo kagalasi kamaonetsa chipinda chimodzi chokha pa nthawi. Uyenera kukwera kuchoka pansi mpaka pamwamba, kumene nyenyezi imakunyamula kukakumana ndi mwini bwalo. Ukagonjetsa onse atatu, kwatsala mfumu Dedede, mdani wakale wa Kirby. Kukwera kumatenga nthawi ndi thukuta, koma kugwa kumachitika m'kuphethira kwa diso. Ukhoza kufika pamwamba penipeni, chala n'kuchedwa pang'ono, Kirby n'kudutsa zipinda zonse zitatu iwe ukungoyang'ana.

Chimene ndimachikonda kwambiri chili pansi penipeni, pomwe masewera ena a pinball amangoti mpira wapita. Kirby akagwera pampata womaliza amatera pa kathabwa kokhala ndi sipuling'i. Ukadina batani pa nthawi yake, kathabwako kamamuponyera m'mwamba ndipo masewera amapitirira. Ukafulumira kapena kuchedwa, moyo umodzi wapita. Ndiye pali ichi: nthawi iliyonse ukapulumuka motero, kathabwako kamachepa, ndipo kupulumuka kotsatira kumavuta kuposa koyamba. Amene anaganiza zimenezi ankawadziwa anthu. Mwayi wachiwiri ulipodi, koma sukhala waukulu ngati woyamba. Aliyense amene anakhululukidwapo ngongole kawiri, kapena amene anabwerezapo kalasi, akudziwa momwe kathabwako kamachepera.

Tili ana tinkamenya timanja tonse tiwiri mosalekeza, poganiza kuti kuchulutsa phokoso ndiye kudziteteza. Kirby ankangodutsa pakati. Panatenga miyezi kuti ndizindikire kuti wosewera wabwino amadina mabatani kochepa. Amakweza kadzanja kamodzi n'kukasiya chomwecho, Kirby n'kutsetsereka mpaka kudzakhazikika pakona. Kenako amapuma, amayang'ana komwe akufuna kumutumiza, amatsitsa kadzanja kuti agubuduke pang'ono, n'kumenya. Akamenya msanga mpira umapita kwina, akadikira kufika kunsonga umapita kwinanso. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu ndinaumva kawirikawiri kunyumba ndi kusukulu, koma kuumvetsa ndi zala zanga ndinaumvetsera pa kagalasi kobiriwira aka.

Funso loti pinball ndi luso kapena mwayi linafikapo mpaka kwa akuluakulu a boma. Mumzinda wa New York masewerawa analetsedwa mu 1942, meya Fiorello La Guardia akuwaona ngati njuga yodyera ana ndalama. Panthawiyo makinawo analibe timanja, choncho munthu ankangoponya kampira n'kudikira. Timanja tinabwera mu 1947 pa makina a kampani ya Gottlieb otchedwa Humpty Dumpty, koma chiletso chinakhalapobe mpaka 1976. M'chaka chimenecho munthu wina dzina lake Roger Sharpe anasewera pamaso pa khonsolo ya mzindawo, akunena komwe mpira upite, mpirawo n'kupitadi komweko. Khonsolo inachotsa chiletso. Mwayi sunachoke m'masewerawa, ndipo suchoka. Mpira ukhoza kugunda chinthu n'kulowera kumene sunayembekezere. Koma pakati pa mwayi wonsewo pali kamphindi kamene zinthu zili m'manja mwako, ndipo luso lonse ndi kukadziwa kamphindi kameneko ndi kusakawononga.

N'chifukwa chake sindivomereza anthu akamati masewera otere, ongophukira pa dzina lotchuka, amapangidwa kuti akolole ndalama basi. Ena alidi otero. Koma Kirby's Pinball Land inaonetsa kuti kanthu kozungulira aka kangathe kunyamula maganizo atsopano, ndipo pambuyo pake Kirby anadzakhalanso mpira wa gofu mu Kirby's Dream Course mu 1994. Kakaseti kameneka, ukakagula kamodzi, sikadzakupemphanso kanthu. Sikakuimitsa kuti uonere malonda, sikakugulitsa moyo wina ukagwa. Kamangosunga mapointi a amene anachita bwino koposa, n'kukusiya uyesenso.

Loweruka kunabwera mwana wa mlongo wanga, wa zaka 9, wozolowera masewera a pafoni. Ndinamupatsa Game Boy ija. Anayamba monga tinkayambira ife, zala zonse zili yakaliyakali, ndipo Kirby anagwa katatu mphindi zisanu zisanathe. Anandibwezera makinawo nkhope itagwa.

"Amalume, izi n'zongodalira mwayi."

Ndinamuuza kuti akweze kadzanja kakumanzere, asakatsitse, angodikira. Kirby anatsika, anagunda, anabwerera pang'ono, kenako anakhazikika pakona. Mwanayo anakhala chete, mpweya ataugwira. Atamenya, Kirby anakwera mpaka chipinda chachiwiri, ndipo kukuwa kwake kunatulutsa mayi ake m'khitchini. Dzuwa litapendeka tinasuntha mpando kutsata kuwala komwe kunatsala, monga tinkachitira ife kale, mpaka kagalasi kanaleka kuoneka. Pochoka anapempha kuti Loweruka likubwerali ndidzamusungire makinawo, ndipo mabatire ena anayi ndagula kale.