ZA PAMSEU: Mdani Wamkulu wa Galimoto ya M'thengo Ndiye Katundu Wake

Mvula ikatha m'mwezi wa April ndipo madambo akayamba kuuma, anthu okhala m'mbali mwa mseu wa Chipata ndi Lundazi, umene umadutsa m'boma la Chipangali, amayamba kuona magalimoto a maonekedwe acilendo. Magalimotowa amakhala ataliatali, a matayala akuluakulu, ndipo pa denga pao pamakhala tenti yopinda, zigubu za mafuta, fosholo ndi tayala lapadera. Ena mwa alendowa amalowera pa cipata ca Mwami kucokera ku Malawi, ena amacokera ku Lusaka pa mseu wa Great East, mtunda woposa makilomita 550. Ambiri mtima wao umakhala ku cigwa ca Luangwa, kumene kuli malo osungirako nyama a South Luangwa, Luambe ndi Lukusuzi.

Masiku ano anthu a kuno omwe, monga alimi a fodya ndi thonje, amalonda ndiponso a mipingo, akugula magalimoto okoka ndi matayala onse anai, makamaka ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan. Akagula, ena amathamangira kwa amisiri owocherera zitsulo mu Chipata ndi kuwauza kuti, "Mundikonzere ifanane ndi ya alendo ija." Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira, ndipo nthawi zina moyo womwe. Cifukwa cake n'cakuti citsulo ciriconse cimene munthu awonjezera pa galimoto ndi katundu, ndipo katundu wopitirira muyeso ndiye amathyola masipulingi, kuphulitsa matayala ndi kugubuduza galimoto kutali ndi cithandizo.

Amene anapanga magalimoto oyamba a mtundu uwu anadziwa zimenezi. Land Rover yoyamba inaonetsedwa ku Amsterdam mu 1948, ndipo thupi lake linali la aluminiyamu, citsulo copepuka, pakuti citsulo wamba cinali cosowa ku Britain nkhondo itatha. Toyota inatulutsa yake mu 1951, naipatsa dzina la Land Cruiser mu 1954. M'zaka zomwezo, mu 1950, Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kutsegula msasa woyamba wa alendo oona nyama m'cigwa ca Luangwa. Magalimoto a masiku amenewo analibe firiji ngakhale tenti pa denga, koma anali kufika kumene miseu inali njira cabe za mapazi.

Galimoto iriyonse iri ndi muyeso wa kulemera umene siyenera kupitirira, ndipo muyesowo unalembedwa pa kacitsulo kamene kamakhala pa khomo kapena pafupi ndi injini. Mwacitsanzo, galimoto ina ingaloledwe kunyamula makilogalamu 700. Akulu anai akakwera, makilogalamu 280 apita. Citsulo cakutsogolo cimene amati bull bar, pamodzi ndi winch, makina aja odzikokera ndi cingwe ca waya, zingatenge 90. Cibenthu ca pa denga ndi tenti yake zingafike 100. Zigubu zinai za dizilo za malita 20 ciriconse zimalemera pafupifupi 85, madzi akumwa malita 60 ndi makilogalamu 60, tayala laciwiri lapadera 35, batire yaciwiri ndi firiji 50. Pamenepo 700 yakwana, ufa, mapoto, zofunda ndi zipangizo zisanalowe.

Malo amene katunduyo aikidwa ndi nkhani inanso. Munthu amene wasenza mtolo wolemera pamutu sacedwa kugwa akaponda pa malo opendekeka, ndipo galimoto nayo ndi cimodzimodzi. Opanga magalimoto ambiri amalola makilogalamu 75 kufikira 100 okha pa denga pamene galimoto iri kuyenda, kuphatikizapo cibenthuco. Madzi, mafuta ndi zipangizo ziyenera kukhala pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, zomangidwa zolimba. Pamwamba ndi pa zofunda ndi zina zopepuka. Woyendetsa amene wanyamula zigubu pa denga amadziwa cowopsa cake pamene wakhota mwadzidzidzi kupewa mbuzi kapena wanjinga, ndipo nthawi imeneyo kumakhala kutacedwa. Komanso mseu wa miyala wa mabampu aang'onoang'ono umagwedeza galimoto kosalekeza kufikira zowocherera zitang'aluka, motero mmisiri wanzeru amamanga ndi mabauti m'mabowo amene opanga anasiya, ndipo amakana kuboola kapena kuwocha chasisi mwacisawawa.

Ambiri amafuna kukweza galimoto poika masipulingi aatali. Masipulingi abwino amathandizadi kuti galimoto yonyamula isakhale pansi kumbuyo, koma sawonjezera muyeso uja wa opanga, pakuti mabuleki ndi ekiselo zimakhala zomwezo. Ndiponso pa magalimoto a ekiselo yathunthu, monga Land Cruiser 70, kukweza thupi sikukweza difu, mphika wacitsulo uja wa pakati pa matayala umene umayamba kugunda zitsa ndi miyala. Cimene cimakweza difu ndi tayala lalitali, koma nalo liri ndi mtengo wake: limalemetsa magiya, limafooketsa mabuleki, limadya mafuta, ndipo limacititsa kuti wochi ya liwiro ionetse liwiro locepa kuposa lenileni.

Cipaipi ca mpweya cokwera m'mbali mwa galasi lakutsogolo, cimene amati snorkel, ciri ndi nchito ziwiri zabwino. Cimakoka mpweya pamwamba pamene fumbi liri locepa, ndipo cimachinjiriza injini ku madzi. Madzi sapanikizika monga mpweya, kotero kuti ngakhale ocepa akalowa m'masilinda amapinda zitsulo za m'kati, ndipo injini imafera pomwepo. Komabe cipaipico sicisandutsa galimoto kukhala bwato. Opanga Land Rover Defender yakale, imene analeka kupanga mu 2016, anailola madzi akuya mamilimita 500 okha, ndipo a Land Cruiser 70 anaika 700. Mitsinje ya kuno monga Lukuzye ndi Msandile imaoneka ya mcenga wokhawokha m'cilimwe, koma m'dzinja imadzaza msanga ndi mvula imene yagwa kumtunda. Madzi othamanga amanyamula galimoto ngakhale ya snorkel. Woyendetsa wanzeru amafunsa eni mudzi za pa dooko, ndipo akauzidwa kuti adikire amadikira, pakuti safunsa anadya phula. Dothi la makande la m'cigwa likanyowa limamata matayala kufikira mano ake onse atakwiririka, ndico cifukwa cake njira zambiri za kumeneko sizipitika kuyambira December kufikira April.

Nanga ndalama ziyenera kupita kuti? Poyamba ku matayala olimba m'mbali, cifukwa zitsa za mupani, mtengo umene ena amati tsanya, zimaboola m'mbali mwa tayala mmene simumatika. Paulendo wa m'cigwa matayala apadera akhale awiri, pamodzi ndi pampu ndi zomatira. Pampu ndi yofunika pakuti pa mcenga woyendetsa amacepetsa mpweya kuti tayala liponde malo aakulu, ndipo akafika pouma ayenera kupopanso, apo ayi tayala limatentha ndi kuphulika. Caciwiri ndi fosholo, nkhwangwa, jeke ndi thabwa lokhuthala loikapo jekeyo pa dothi lofewa. Cacitatu ndi cingwe colimba cokokera, comangidwa pa malo amene anapangidwira nchitoyo. Kampira kacitsulo kokolekapo ngolo sikayenera kugwiritsidwa nchito potulutsa galimoto m'matope, cifukwa kakathyoka kamauluka ngati cipolopolo, ndipo kapha kale anthu m'maiko ambiri.

Pali zina zazing'ono zosadya ndalama. Kawaya ka sefa koikidwa kutsogolo kwa rediyeta kamaletsa njere za udzu kutseka mabowo ake ndi kutenthetsa injini. Udzu wouma umakulunga pansi pa galimoto pafupi ndi ekizozi, ndipo ungayake moto, motero woyendetsa aziima kawirikawiri ndi kuucotsa, ndipo cozimira moto cikhale pafupi ndi dzanja lake. Lamulo la dziko lino limafuna kuti galimoto ikhale ndi matirayango awiri ocenjeza, ndi zonyezimira zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo, ndipo bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu la 2002, ndilo limayesa ngati galimoto iri yoyenera kuyenda. Pa magalimoto amene woyendetsa amalowetsa yekha giya ya matayala onse anai, giyayo icotsedwe akafika pa phula, cifukwa pouma polimba imapotokola zitsulo za pansi.

Za kugona panjira nazo ziri ndi mwambo wake. Kunja kwa malo osungirako nyama, dziko liri m'manja mwa mafumu, ndipo mlendo ayenera kuyamba waonekera kwa a nyakwawa asanakhome tenti. M'kati mwa malowo amagona pokhapo pamene a dipatimenti ya National Parks and Wildlife alola. Mbaula ya makala isalowe m'tenti kapena m'galimoto yotseka ngakhale kuzizire bwanji mu June ndi July, pakuti mpweya wake umapha munthu ali m'tulo. Neti ya udzudzu isaiwalike, ndipo tenti isakhomedwe pa njira ya mvuu yocokera ku madzi. Cenjezo la nyama likhudzanso midzi ya kumtunda: mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kucokera ku Liwonde kupita ku Kasungu, malo amene ali m'malire a Malawi ndi dziko lino, ndipo anthu a m'midzi ya m'malire akhala akudandaula za njovu zolowa m'minda yao. Moto wa pa msasa uzimitsidwe ndi madzi kapena dothi, makamaka kuyambira August kufikira October pamene thengo lauma.

Motero mwini galimoto wa ku Chipangali amene akonzekera ulendo wa m'thengo ayambe ndi sikelo asanapite kwa wowocherera. Sikelo yomweyo yopimira thonje kapena cimanga ingapime cigubu, tayala ndi bokosi lirilonse, ndipo akawonkhetsa ayerekeze ndi muyeso wa pa kacitsulo kaja. Cimene sicingamutulutse m'matope, kumudyetsa kapena kumuciritsa citsale kunyumba. Kenaka ayese galimoto yonyamulayo pa njira ya pafupi ndi kwao, ndipo tsiku lonyamuka auze abale ake njira imene adzatsata ndi tsiku lobwerera, pakuti m'malo ambiri a m'cigwa foni sigwira.