Mutu Ulibe Sipeya

Ana anga, senderani pafupi tikambirane za njinga yamoto. Yatithandiza, sitikana: wodwala amafika kuchipatala dzuwa lisanakwere, ndipo anyamata ambiri akudyetsa mabanja ndi kabaza. Koma walira mvula walira matope. Kazondeni odwala ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Gulupu ku Blantyre, mukapeza anzanu a msinkhu wanu ali gone, miyendo ili m'chikhakha.

Amenewo ndiye amwayi. Fupa la mwendo madokotala amalumikiza, koma ubongo ukagwedezeka, munthu amatha kudzuka osazindikira ngakhale mayi ake omubala. Nanga bwanji chisoti mukuchikoleka pa handulo ngati chokongoletsa? Ena mumavala ndithu, koma osamanga lamba wa pachibwano, ati chikutentha. Chotere chimavuka musanafike n'pansi pomwe, mutu n'kukumana ndi phula wokha. Apolisi mungawazembe podutsa njira zachidule, phula simungalizembe.

Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo. Mnyamata waphunzira pabwalo la mpira masana amodzi, mawa lake ali pa M1 kupikisana ndi malole. Sakudziwa kuti ngati iye sakumuona dalaivala pagalasi la lole, dalaivalayonso sakumuona. Sakudziwa kuti mvula yoyamba imasakaniza fumbi ndi oyilo, msewu n'kuterera, kapena kuti kufinya buleki yakutsogolo mwadzidzidzi pakona ya mchenga n'kudzigwetsa wekha. Tinjinga ta matayala ang'onoang'ono tija ndiye tikalowa m'dzenje timamutaya munthu kutsogolo. Zonsezi amaphunzitsa kusukulu yoyendetsa, n'chifukwa chake laisensi si pepala longosangalatsa boma.

Za kunyamula anthu atatu, thumba la makala pamwamba, ndinene chiyani? Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Ndalama ya wokwera wachitatuyo siingagule ngakhale ndodo zoyendera. Za mowa sindichulukitsa mawu: walawa, tsika.

Inunso okwera musamangokhala duu. Amayi, pindani chitenje chisalendewere ku tcheni ndi masipoko, ndipo mwendo utalikire ekizozi, imawotcha. Kuthamanga sikufika, woyendetsa akamathamangitsa, mugwireni paphewa mumuuze kuti, "Achimwene, pang'onopang'ono, ndili ndi ana kunyumba." Akakana, tsikani, mulipireni pomwe mwafikapo, mudikire wina amene ali ndi chisoti chachiwiri choti akubwerekeni.